Mphepo ya Julayi, ana akutsokomola, atate awo akuti mbaula izigona m'nyumba

Amake Dalitso (Kapata, Chipata): Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani ziwiri zolukana, mundipirire. Tili ndi ana atatu: Dalitso wa zaka 9 ali giredi 4, Chisomo wa zaka 5 ali ku nesale, ndi Thokozile wa miyezi 10 woyamwa. Nyumba ndi ya lendi, zipinda ziwiri, malata opanda siling'i. Masana ukakhala padzuwa zili bwino, koma ikangokwana 17 koloko mphepo yotsika m'mapirimu imalowa ngati nayonso imalipira lendi. Chisomo watha masiku 6 osapita kusukulu, chimfine ndi chifuwa, ndipo wapatsirako wakhandayu. Atate awo akuti usiku tizilowetsa mbaula, malasha akafiira psuu utsi n'kutha, titseke chitseko tigone. Ine mtima ukukana. Koma ndikadzuka 02 koloko n'kugwira mapazi a mwana ali zii ngati mwala wa kumtsinje, ndimayamba kuganiza kuti mwina bamboyu akunena zoona. Inu mumatani? Yachiwiri, Chisomo akungokhala pakhomo, anzake akupita patsogolo. Ine ndinalekezera giredi 9, ndimuphunzitse chiyani?

Atate a Limbikani (Katete): Amake Dalitso, za sukulu ayankha ena. Ine ndayankha za mbaula chifukwa ndinatsala pang'ono kuika banja langa lonse tsiku limodzi. Zaka zitatu zapitazo, mwezi ngati uno, tinachita ndendende zomwe akunena amuna anu. Malasha anali atafiira, utsi panalibe ngakhale pang'ono. Mabowo a mpweya aja a pamwamba pa windo tinali titatseka ndi masanza kuyambira mu Meyi. Pakona panali nkhuku ya anapiye 7 yomwe tinavundikira ndi dengu kuopa vumbwe. Chinandipulumutsa ndi thobwa lomwe ndinamwa lambiri madzulo. Cha m'ma 03 ndinafuna kukataya madzi, kuti ndiimirire miyendo inakana, mutu ngati akumenyamo ndi nyundo. Ndinakwawa ndi mawondo mpaka pachitseko. Mpweya wapanja utandiwomba ndinasanza pakhonde pomwepo. Ndinaitana amake Limbikani katatu, phee. Aneba ndiwo anawatulutsa pamodzi ndi ana awiri, wamng'onoyo ali lendee ngati chitenje chonyowa. Tinakafika kuchipatala pangolo kukuyera, anawaika pa okosijeni, onse anatsitsimuka. Titabwerera kunyumba ndinavundukula dengu lija. Nkhuku ndi anapiye ake onse gwaa. Mpaka lero ndikamva fungo la malasha m'chipinda chogona ndimatuluka thukuta. Muwawerengere amuna anu uthengawu, ngati akufuna andifunse okha.

Amake Yamikani (Mchini): Mayo ine! Thupi langa lachita tsemwe. Ife dzulo lomweli tagona nayo.

Ambuya aNgozo (Mtenguleni): Ana inu, ine ndakulira pamoto. Tonse asanu ndi awiri tinkagona mozungulira chikuni usiku wonse, palibe anafa. Lero mwayamba kuopa moto? Mwana wakhanda mphepo ikamulowa paliwombo ndiye chibayo chimenecho. Mum'veke chipewa, musamusambitse m'mawa, moto ukhale pafupi.

aNaphiri (namwino): Ambuya, zomwe mwanena za kale ndi zoona, koma taonani nyumba yomwe munkagonamo. Denga la udzu, pakati pa chipupa ndi denga mpata woti dzanja n'kulowa, chitseko cha bango. Mpweya unkalowa ndi kutuluka usiku wonse. Za lerozi ndi njerwa, simenti, mawindo a galasi, chitseko chothina, kenako ife tomwe n'kutseka timabowo ta mpweya ndi mapepala. Malasha akamayaka m'malo otsekeka amatulutsa mpweya wotchedwa carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa. Ukalowa m'magazi umalanda malo a okosijeni, munthu amangomva mutu, chizungulire, nseru ndi tulo tokoma, ndiye ngati wagona kale sadzukanso. Malasha ofiira opanda utsi aja ndi omwe amanyenga anthu, chifukwa mpweyawo amautulutsabe mpaka atazimiratu. Kuwaza mchere pamalasha kapena kuika beseni la madzi pambali sikuchotsa kanthu. Mukapeza munthu wakomoka m'nyumba ya mbaula, tsegulani zonse, mutulutseni panja, thamangirani naye kuchipatala. Osataya nthawi kumumwetsa mkaka, wokomoka akhoza kutsamwa nawo. Za chipewa ndagwirizana nanu ambuya, mwana wamng'ono amataya kutentha kwambiri kumutu.

Ambuya aNgozo: Za bango ndi udzu mwanena zoona mwana wanga. Komanso ndakumbuka, mlongo wanga ali ndi chipsera mwendo wonse, anagubudukira pamoto ali mtulo. Tinkangoti ndi ngozi.

Amake Dalitso: Atate a Limbikani zikomo, ndawerenga kawiri. Koma tsono mbaula ikatuluka ana ndiwafunditse chiyani? Mabulangete tili nawo atatu okha.

Amake Misozi (Nabvutika): Mnzanga, mphepo yambiri imachokera pansi, osati pamwamba. Ngati ana amagona pa matiresi oyala pasimenti, yambani mwayala makatoni kapena masaka opanda kanthu, pamwamba pake mphasa, kenako matiresi. Mudzaona kusiyana usiku woyamba womwe. Ine madzulo ndikatha kuphika ndimatereka madzi pamoto wotsalawo, akafunda bwino, osati owira, ndimathira m'botolo la malita awiri, kutseka zolimba, kukulunga ndi chitenje n'kuika kumapazi kwa ana akuluwo. Dalitso ndi Chisomo agone pamodzi mabulangete awiri ophatikiza, kusiyana n'kuti aliyense lake. Masokosi a atate awo akale aja musataye. Wakhanda agone ndi inu, koma nkhope yake isakwiririke. Mbaula timaothera pakhonde, ikafika nthawi yogona imatsala komweko.

Mai Tembo Salaula: Amayi nonse bero latsopano latsegulidwa lero!! Majuzi a ana, zipewa, ma tracksuit, masokosi aubweya. Ndili ku Saturday Market, woyamba kufika asankha zabwino.

Admin Zulu: Amai Tembo, malonda ndi Lachisanu, lamulo mukulidziwa. Lero ndakusiyirani chifukwa majuziwo akugwirizana ndi nkhani.

aNaphiri (namwino): Poti majuzi atchulidwa: ambiri a m'salaula ndi a nayiloni, akagwira moto amasungunuka n'kumatirira pakhungu. Miyezi ya Juni ndi Julayi ndi yomwe timalandira ana ambiri opsa, ena ndi mbaula, ena ndi phala kapena madzi osamba omwe mayi anasiya pansi n'kukatenga ozizira. Thirani ozizira poyamba m'beseni, otentha pambuyo. Mwana akapsa, madzi ozizira oyera pabalapo kwa mphindi 20, ngakhale kunja kukuzizira, thupi lonselo mum'funditse. Colgate ayi, dzira ayi, mafuta ophikira ayi. Timavutika kuzichotsa ndipo mwana amalira kawiri.

Amake Yamikani: Za chifuwa, ine sindivutika n'kupita pamzere. Ndimagula Amoxil wa madzi ku drug store, masiku awiri chifuwa chatha. Wakhandayo mupatseni kasupuni ka uchi wosakaniza ndi ndimu. Kenanso kuwafukiza ndi masamba a bulugamu, bulangete pamutu.

aNaphiri (namwino): Amake Yamikani mundikhululukire, pano nditsutsa zonse zitatu. Uchi ndi ndimu kwa Chisomo wa zaka 5 ndi zabwino, zimafewetsa pakhosi. Kwa mwana wosakwana chaka uchi ayi ndithu, umatha kukhala ndi tizilombo tomwe matumbo a khanda sangalimbane nato. Thokozile mankhwala ake ndi bere, pafupipafupi. Mphuno zikatsekeka mpaka kulephera kuyamwa, dontho limodzi kapena awiri a madzi owiritsa ozizira a kamchere pang'ono m'mphuno, mamina amafewa. Kufukiza mwana wamng'ono pa poto wa madzi owira ndi njira ina yomwe amabwerera kwa ife atapsa pachifuwa. Amoxil sapha chimfine. Chimfine chimatha chokha, mukanapanda kugula chikanathabe. Choipa n'chakuti mukamamwetsa masiku awiri n'kusiya, tsiku lomwe mwana adzadwale chibayo chenicheni mankhwalawo akhoza kukana kugwira.

Amake Yamikani: Asisita, inu mumalankhula muli mkati. Ife timafika 06 koloko, mwana kumsana, mphepo ikuwomba, kuonedwa 12 koloko, pomaliza akuuza kuti kagule Panado. Ndiye ndilekerenji kuyambira kogula komweko?

aNaphiri (namwino): Mzere ulipo, sindikana, nanenso umandiwawa. Ndiye ndikuphunzitseni kusiyanitsa chifuwa chokhala nacho pakhomo ndi chothamanga nacho. Mwana akagona kapena akakhala chete, osati akulira kapena akuyamwa, kwezani malaya muone pamimba. Ikani foni pa mphindi imodzi yathunthu muwerenge kupuma, kukwera ndi kutsika ndi kamodzi. Wosakwana miyezi iwiri akafika 60 kapena kuposa, akupuma mothamanga. Wa miyezi iwiri mpaka chaka, 50. Wa chaka chimodzi mpaka zaka 5, 40. Zikatero pitani tsiku lomwelo. Mukaona pansi pa nthiti pakulowa mkati pamene akukoka mpweya, kapena akukana bere, akusanza chilichonse, wakomoka, kapena ali lefuu osadzuka bwino, musadikire kuti kuche. Ndipo thupi likatentha musangoti ndi mphepo. Kuno kum'mawa malungo satha chifukwa choti ndi Julayi, kayezetseni magazi a pachala, neti musapinde.

Bashi Mulenga (Moth): Inu a kum'mawa vuto lanu ndi limodzi. Mwezi uno ana anu onse ali kutchire ndi makasu kukumba mbewa, abwera 18 koloko mbuu ngati agubuduka m'phulusa, opanda juzi, ndiye mudabwa chifuwa? Lekani kudya makoswe muone ngati simuchira.

Atate a Limbikani: Ambuya anga a Chibemba, mbewa si khoswe, ndipo mwana wodya mbewa ya mafuta ya mu Julayi sadwaladwala. Inu a kolwe (anyani) anu aja akakhala akutsokomola mumtengo mumayamba mwawapatsa Panado musanawaphike?

Bashi Mulenga: Hahaha ndagonja. Koma zoona, zaka 11 ndili mu Chipata, anthu kwathu sakhulupirira ndikawauza kuti kuno m'mawa mpweya umatuluka utsi mkamwa. Amaganiza kuti ku Chipata n'kotentha ngati ku Mfuwe.

Aphunzitsi Mvula (Chadiza): Ndalowa mochedwa, ndinali kuchonga. Amake Dalitso, ndiyankhe funso lanu lachiwiri lomwe mbewa zatsala pang'ono kulidya. Choyamba, giredi 9 yanu ndi yokwanira n'kutsalako. Mwana wa zaka 5 safuna bolodi. Ino ndi nyengo yotonola chimanga, ndipo kwa ine palibe chipangizo cha masamu choposa chimanga ndi nshawa. Mupatseni mbale ndi njere khumi, awerenge akuzigwira imodziimodzi ndi chala. Ambiri amabwera giredi 1 akuimba wani thu fili mpaka 50 ngati nyimbo, koma ukawauza kuti ndipatse miyala isanu ndi umodzi akutapira dzanja lonse. Kenako mubise zitatu m'dzanja mufunse kuti zatsala zingati m'mbale. Agawire anthu a m'nyumba mbatata zootcha, aliyense ziwiri, zifunika zingati? Amenewo ndi masamu enieni. Muzingosamala njere zisafike kwa wakhanda kapena m'mphuno mwa Chisomo mwiniwake.

Za kuwerenga, Chinyanja chathu n'chokoma chifukwa momwe chimalembedwera ndi momwe chimamvekera. Yambani ndi a e i o u. Akazigwira onjezani m: ma me mi mo mu. Mawa t, mkuja k. Pakutha sabata akhoza kulumikiza yekha: amama, atate, moto, mutu, meta. Musamuuze maina a zilembo a Chingerezi, kuti emu kapena tii, muzimuuza kamvekedwe kake, mmm. Polemba, phulusa la m'mbaula lozizira mulithire m'chivundikiro cha ndowa, alembe ndi chala, akalakwitsa agwedeza n'kuyambanso. Kope silitha, pensulo siisowa. Mphindi 15 zakwana, cha m'ma 10 dzuwa litafunda, mutakhala kuseri kwa nyumba kosawomba mphepo. Akatopa musiyeni.

Dalitso mum'gwiritse ntchito. Madzulo aziwerengera mng'ono wake mokweza buku lake la kusukulu. Wamkulu amapindula kuposa wamng'ono, mudzamva nokha pomwe akukakamira.

Koma ndinenenso ichi ngati mphunzitsi. Thupi likazizira ndipo akudya ndi kusewera, Chisomo abwerere kusukulu ngakhale kamfine katsalira. Temu yachiwiri ino ndi yomwe ana amajomba kwambiri, wina chifuwa, wina mphepo ya m'mawa, wina ali kumunda kukolola. Chiyambire maphunziro aulere mu 2022 makalasi adzaza, mwana akasowa masabata atatu mphunzitsi alibe mpata wobwerera naye m'mbuyo yekha. Holide ya Ogasiti ili pafupi, adzapuma.

Amake Misozi: Aphunzitsi, nanga kusamba m'mawa? Wanga amalira ngati akumupha, ndipo madzi otentha tsiku lililonse malasha sakwana, thumba lakwera mtengo.

Aphunzitsi Mvula: Asambe madzulo dzuwa lisanalowe, kapena akangobwera kusukulu. M'mawa kumaso, m'manja, mano, Vaseline, basi. Palibe mphunzitsi amanunkhiza ana pageti. Chomwe timaona ndi milomo yong'ambika ndi mang'a kumapazi mpaka kutuluka magazi, ndi mwana wobwera m'mimba mulibe kanthu. Kaphala kothira nsinjiro kapena mbatata ya dzulo ndi tiyi, mwana amakhala m'kalasi ngati munthu.

Ambuya aNgozo: Aphunzitsi mwaiwala sukulu yathu ya kale. Nyengo ino ndiyo ya nthano, ntchito ya kumunda yatha, usiku ndi wautali. Tikatha kudya tinkakhala pamoto tikukazinga chimanga ndi nshawa, agogo n'kuyamba, ife tili tonse, tili tonse. Ukasiya kuyankha adziwa kuti wagona. Mawa lake amakuuza kuti ubwereze nthano yonse wekha, ukadumpha pomwe Kalulu ananamiza Njovu anzako akukuwa. Ndi zilapi. Nyumba yanga yopanda khomo, n'chiyani? Mwana aziganiza mpaka apeze kuti ndi dzira. Lero magetsi akazima mumangodandaula, mwana mwam'patsa foni mpaka batire ithe.

Aphunzitsi Mvula: Ambuya, kubwereza nthano kumeneko ndi komwe ife timayesa pa mayeso n'kukutcha dzina lalitali. Mwana wodziwa kusimba chinayamba n'chiyani, chinatsatira n'chiyani, savutika ndi comprehension. Mubwere mudzatiphunzitsire.

aNaphiri (namwino): Amake Dalitso, funso limodzi. Thokozile ali ndi miyezi 10, katemera wa chikuku wa pa miyezi 9 analandira? Nanga pa Child Health Week, sabata ya zaumoyo wa ana ya mu Juni, munapita naye kukalandira vitamini A?

Amake Dalitso: Asisita mwandigwira. Sindinapite. Tsiku la sikelo anali ndi mamina, apongozi anati jekeseni pamwamba pa chimfine imamuonjezera matenda, komanso kunali mphepo.

aNaphiri (namwino): Kamfine sikaletsa katemera. Tengani khadi mupite naye, palibe adzakubwezani chifukwa chochedwa mwezi umodzi. Wachiwiri ndi pa miyezi 18. Chisomo nayenso muonetse khadi lake, mwina anaphonya mankhwala a njoka za m'mimba.

Amake Yamikani: Mbaula ndatulutsa. Za Amoxil tidzakambirana tsiku lina.

Amake Dalitso: Mwauka bwanji nonse, ndabwera kudzapereka lipoti patatha masiku atatu. Usiku womwe uja ndinawapatsa atate a Dalitso foni kuti awerenge okha za ku Katete. Anawerenga ali chete, atafika pa anapiye anaika foni pansi n'kutuluka. Ndinamva akukoka mpando, kusuzumira ndinapeza akuzula masanza m'mabowo a mpweya, omwe anatseka okha mu Meyi. Sananene kanthu, inenso sindinafunse. Makatoni anabwera nawo mawa lake kuchokera ku Down Shops atamanga panjinga.

Koma nkhani yaikulu ndi iyi. Lachitatu usiku Thokozile thupi linatentha. Atagona ndinakweza kajuzi n'kuwerenga monga anatiuzira asisita, Dalitso atagwira foni. 56. Ndinati mwina ndalakwitsa, kubwereza, 57. Kunja kuli mdima, mphepo, mtima wina ukuti dikira kuche. Atate awo anakadzutsa mnyamata wa njinga yamoto, tinapita. Malungo sanapezeke, anati ndi chibayo chongoyamba kumene. Anatipatsa mapilisi osungunula m'madzi a masiku 5, akuti ndimalize onse ngakhale aoneke wachira, ndipo katemera tikabaye akamaliza. Lero wayamwa bwino, ndawerenga 42. Amake Yamikani, mankhwala ake ndi amoxicillin yemweyo, koma ulendo uno ayamba amuyeza sikelo n'kundiuza mlingo wake.

aNaphiri (namwino): Mwachita bwino kwambiri kusadikira. Malizani masiku onse asanu. Mukaona kupuma kwakweranso kapena akukana bere, bwererani msanga osadikira tsiku lomwe anakuuzani.

Atate a Limbikani: Mulungu atamandike. Muwapatse moni alamu angawo, muwauze kuti Kulamba ikafika kumapeto kwa Ogasiti adzatsikire kwathu popita ku Mkaika, thobwa lomwe linandipulumutsa lija lidzakhalapo.

Aphunzitsi Mvula: Nanga wophunzira wanga?

Amake Dalitso: Aphunzitsi, wophunzira wanu wabwerera kusukulu dzulo, koma mwandiputira mlandu. Phulusa linamukomera masiku awiri, tsiku lachitatu anaona kuti likufufutika msanga. Watenga khala la malasha walemba AMAMA, MOTO ndi dzina lake zilembo zazikulu ngati iye mwini pachipupa chakunja, chomwe alandilodi anapaka laimu mwezi wathawu. S wa dzina lake wayang'ana chakumbuyo. Alandilodi abwera Loweruka kudzatenga lendi. Ndichotse ndi chiyani?

Amake Misozi: Musayambe ndi madzi, zimalowerera. Yambani mwapukuta ndi nsanza youma kapena burashi, chotsalacho kalaimu pang'ono pamwamba.

Aphunzitsi Mvula: Musanapukute mujambule munditumizire. S woyang'ana kumbuyo pa zaka 5 si vuto, adzatembenuka yekha.

Bashi Mulenga: Musiyeni amalize chiganizo. Pansi pake alembe MBEWA, alandilodi ngati ndi a kum'mawa akhululuka.